Chishalo Chokana Kutsika cha Joldosh

Kuno ku At-Bashy munthu wopanda hatchi timamuyesa wamasiye. Joldosh, wosula zitsulo za kumapazi kwa mahatchi, anakhala wamasiye chaka chomwe hatchi yake inathyoka mwendo, iye mwini n'kuicheka pakhosi. Ndi munthu wamfupi, waukali ngati mavu. Nyengo yokweza nkhosa kumapiri itayandikira, analumbira pamsika kuti sakapempha hatchi kwa mlamu wake Kubat, yemwe akakubwereka chinthu mudzi wonse umadziwa.

Anakagula njinga yakale yokwerera mapiri ku Naryn, ya felemu yachitsulo, dzimbiri lokhalokha. Anaipala, anawongola foloko ndi nyundo, anaika tcheni, magiya ndi matayala atsopano amanomano. Chinatsala n'chishalo. Mwini wake woyamba ayenera kuti anali mzati, chifukwa Joldosh akakhalapo mapazi ankalendewera ngati mwana pa ngamila. Paipi ya chishaloyo inali itamatirira m'felemu.

Wosula amadziwa mankhwala amodzi: moto. Anawotcha, anamenya, anawotchanso. Koma paipiyo inali ya aluminiyamu, yomwe ikatentha imafufuma kuposa chitsulo. Iye akuti akumasula, pamene akumangitsa.

Tsiku lachitatu Kubat anafika pahatchi yake yotuwa, osatsika n'komwe.

"Alamu, bulu wanuyu akukana chani? Mwamupatsa udzu?"

"Pitani kwanu, alamu."

"Kapena tikokereni miyendo inuyo? Zingwe ndili nazo."

Joldosh anamenya ndi mphamvu zonse. Paipi inaduka, chidutswa n'kumung'amba tsaya mpaka pakhutu. Magazi anatsikira m'malaya. Kubat anaseka, ndipo pamenepo m'pomwe analakwa. Joldosh anamugwira mwendo n'kumugwetsa chagada pamulu wa malasha. Chikwapu cha Kubat chinamutema pamphumi, iye osamva. Anamukhalira pachifuwa n'kumusula nkhonya ngati akusula chitsulo, mpaka mano awiri anagwera m'phulusa. Kubat anamuluma chala ndi mano otsalawo, n'kuchipinda mpaka chinathyoka. Ife okalamba tinaleretsa ndi pakamwa, tili patali ndithu.

Amene anawalekanitsa ndi Burul, mkazi wa Joldosh, mlongo wake wa Kubat. Anatulukira ndi chitsulo chosonkhezera moto n'kuwagawira mofanana kumsana.

"Inu bambo a Nurlan, mukamupha hatchi yake mupatsidwa? Nanunso achimwene, kwanu tiyi watha?"

Kubat anakwera hatchi yake akulavula magazi. "Hatchi ilipo, alamu. Mudzangonena kuti chonde."

Joldosh anazimitsa moto, anamanga chala ndi kamtengo, n'kutenga mpeni wa sowo yodulira zitsulo. Anaulowetsa m'paipi yodukayo n'kuyamba kucheka m'kati, chotsika, pang'onopang'ono kuti asakhudze felemu. Munthu amene moyo wake wonse sanadikirepo tiyi kuti azizire anacheka masiku asanu ndi atatu ndi dzanja lamanzere. Paipi inatuluka zidutswa zitatu. Anaikamo ina, atapaka girisi wokwana thirakitala.

Nkhosa zitanyamuka, iye anatsatira m'fumbi. Pachigwa ankapalasa, pokwera ankakankha, pamtsinje anaisenza pamutu akutukwana. Apahatchi anafika masana, anamanga mahema, anadya. Joldosh anafika dzuwa litapendeka, bala la patsaya litatsegukanso. Anadutsa pahema la Kubat akupalasa, n'kukamangirira njingayo pachingwe cha mahatchi, pakati pa yotuwa ija ndi inzake.