Dzina Limene Ndinakana Kuvomera

Ndinadandaula koyamba Lachiwiri lotsatira Pasaka, chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, dziko lino lili m'Chitaganya. Kalata yodandaulayo ndinailemba pawiri: ina ndinakapereka ndekha ku ofesi ya zamaphunziro m'tauni, inzake ili m'sutikesi yanga mpaka lero. Ndinalembanso mvula itangoyamba, kenako chaka chotsatira. Chimene ndinalandira ndi kakhadi kamodzi konena kuti nkhani yanga ikuonedwa. Nakonso ndili nako.

Nkhani yake ndi iyi. Aphunzitsi aakulu a pasukulu pathu anandisankha kuti ndikalembe mayeso olowera maphunziro a udokotala. Miyezi itatu ndinkakhala kuseri kwa nyumba yathu ku Chilobwe, kuloweza mafupa ndi mitsempha m'buku lobwereka lopanda chikuto. M'nyumbamo amayi ankavutika ndi chifuwa chosatha. Ndikamawerenga za mapapo ndinkawamva akutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo ndinkalumbira mumtima kuti ndidzawachiritsa ndine.

Popeza makolo anga anachokera kwa Apwitikizi, boma linafuna umboni woti ndinabadwira kuno. Bambo, amene ankasankha fodya ku Limbe, anatulutsa kapepala ka kuchipatala cha mishoni kumene ndinabadwira, aphunzitsi n'kukatumiza pamodzi ndi fomu. Palibe anakumbukira kuti pakapepalapo panali dzina langa laubwana.

Ana a lero ndiwafotokozere. Kwathu mnyamata akavinidwa, dzina lakale limatsala kutchire. Ine ndinatulukako ndili Jailosi, ndipo kusukulu anasintha m'kaundula. Phungu wanga wa kuchinamwali anandigwira khutu n'kundiuza kuti tsiku limene ndidzavomere dzina lakale ndidzakhala ndawaitanira amayi maliro. Tinali Akhristu, kutchalitchi sitinkajomba, koma mawu amenewo sanachoke m'khutu lija.

Tsiku la mayeso ndinadzera ku Naperi, n'kulambalala mipanda ya ku Sunnyside, nsapato zili m'manja kuopa matope. Ndinazivalira pafupi ndi holo. Pakhonde panali anyamata ambiri, aliyense atagwira cholembera ndi rula. Mzungu anakhala patebulo, wotchi ili patsogolo pake, ndipo kalaliki wovala tayi ankaitana maina. Woitanidwa ankavomera n'kulowa.

Atafika chapakati, kalaliki anaitana dzina lija.

Ndinali ndisanalimve zaka zisanu. Anaitananso, akuyang'ana uku ndi uku. Pakamwa panga panatseguka, koma nthawi yomweyo ndinakumbukira kuti m'mawa umenewo amayi anakanika kudzuka kuti anditsanzike. Ndinadziuza kuti ndidikire, mwina dzina langa lenileni lili kumunsi. Anaitana kachitatu. Ndinaona mzungu akulemba kena kake papepala.

Onse atalowa ndinatsala ndekha. Ndinapita kwa kalaliki n'kumuuza kuti ndine Jailosi, ndipo sindinaitanidwe. Anayendetsa chala pamndandanda, nati palibe. Ndinafotokoza kuti mapepala a munthu amene waitanidwa katatu uja ndi anga, kapepala ka kuchipatala kaja ndi kanga.

"Sindikufunsa za mapepala," anatero. "Dzinali ndi lako kapena ayi?"

"Bambo, linali langa."

"Linali? Nanga lero ndi la yani?"

Mzungu anali atanyamula kale wotchi. Panangofunika liwu limodzi. Ndinayang'ana nsapato zanga. Kalaliki uja anapukusa mutu, natchula dzina lonyoza lija ankatitchula nalo ife a makolo obwera, nati anthu ake ndi omwewa, osadziwa ngakhale maina awo. Anatseka chitseko. Ndinakhala pakhondepo maola atatu, ndikumva mapepala akutembenuzidwa m'katimo.

Kunyumba bambo anangoti ndachita zachimuna, koma maso anayang'ana kumbali. Amayi anandiitana kumphasa kwawo, nandiuza ndibwereze zonse. Nditamaliza anapuma movutika.

"Mwana wanga, dzina limenelo ndinakupatsa ndine," anatero. "Ana atatu anapita usanabadwe, iwe n'kukhala nalo moyo. Lingandiphe bwanji ine? Ukanavomera."

Anamwalira m'chilimwe cha chaka chomwecho, ine ndisanavomere kalikonse.

Chaka chotsatira anandiuza kuti msinkhu wanga wapitirira, ndiponso kuti munthu amene anajomba mayeso popanda chifukwa sapatsidwanso malo. Chitaganya chinatha, ofesi ija inasamuka, ine ndinakalowa ntchito yokulunga mankhwala m'sitolo ina ku Limbe. Ndinagwira mpaka kupuma. Makalata a madokotala ndinkawawerenga popanda wondithandiza, ngakhale olembedwa moipa chotani.

Zaka zambiri mlandu wonse ndinkausenzetsa kalaliki uja. Lero ndikuvomereza kuti mbali ina ndi yanga. Ndinaopa mawu a munthu amene anandisunga mwezi umodzi kutchire, osafunsa mayi amene anandisunga chibadwire, chonsecho anali kuseri kwa khoma lomwelo miyezi yonse itatu. Mwambo sindikuunyoza. Ndikunena kuti mwana akapatsidwa lamulo loopsa azifunsa kwa mwini wake wa chinthucho, nthawi isanathe. Komabe kalaliki uja anadziwa bwino lomwe kuti amene waima pamaso pakeyo ndi mwini dzinalo. Mapepala anali m'manja mwake, ndipo naye anali mwana wa dziko lino.

Udokotala sindikuufunanso; manja akunjenjemera. Chimene sindingalole ndi bodza lokhala m'buku la boma. Pambali pa dzina langa analemba kuti sindinabwere. Ndinabwera.

Choncho ndikupempha mwaulemu ofesi iliyonse imene inalandira mabuku a nthawi imeneyo kuti ipeze mndandandawo, ikonze mzere umenewo, ndipo indiyankhe polemba ndikadali moyo. Pofufuza musayang'ane Jailosi. Yang'anani Mwatitha. Ndine, ndilipo.