Njinga Yopanda Belu

Ndikukumbukira dambo la kwathu m'nyengo ya dzinja, mpunga utangowokeredwa, achule akulira ngakhale masana. Mudzi wathu uli pakati pa Mandimba ndi Nyanja ya Amaramba, kumene dziko linangoti see ngati mphasa. Anthu anakumba ngalande zopatutsira madzi a mtsinje m'minda, ndipo dothi limene ankataya m'mbali ndi limene linasanduka njira. Inali njira yopapatiza, ya munthu mmodzi, uku madzi uku madzi. Ukaitsata mpaka kumapeto unkatulukira pa msewu waukulu wa timiyala, umene unkapita kusukulu yaikulu.

Sukulu ya m'mudzi mwathu inkalekezera kinta kalasi, kalasi yachisanu. Wofuna kupitirira ankayenera kudutsa dambo lonselo m'mawa ndi madzulo, ndipo wapansi ankafika anzake akuweruka. Atsikana ambiri ankathera pomwepo. Ine ndinakhoza bwino, koma ndinali mwana wamanyazi oopsa. Porofesola, mphunzitsi wathu, akandifunsa funso, yankho ndinkalidziwa, koma linkatuluka ngati kulira kwa udzudzu. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba madzulo m'kaderno, kabuku kanga kakang'ono: mvula yagwa, nkhuku yaswa, ndikufuna sukulu.

Pakhomo panali njinga imodzi, yakuda, yachimuna, imene achimwene anga anaisiya popita kukagwira ntchito ku Cuamba. Mabuleki anatha kalekale. Belu silinakhalepo n'komwe. Chishalo chinali m'mwamba kwambiri, choncho ndinaphunzira kupalasa monga ankachitira ana onse, mwendo umodzi nditaulowetsa pansi pa mtanda wachitsulo, thupi lili pambali, njinga itapendekera kwina ine kwina. Pabwalo ndinkazungulira bwinobwino. Mayi ankati imeneyo ndiyo idzandifikitse kusukulu. Bambo ankapukusa mutu.

"Kupalasa ndiye amatha," anatero bambo kwa mayi, ine ndikutsuka mbale chapafupi. "Koma kudambo belu ndi pakamwa pa munthu. Uyu amene amalephera kunena odi pakhomo pa atsibweni ake, akakumana ndi anthu panjira adzatani? Adzaphetsa wina, kapena adzamira yekha."

Ananena zoona. Pa njira ija wapanjinga ankakuwa ali patali kuti "Njiraaa!" ndipo wapansi ankaima chammbali, zala za kumapazi zitagwira m'mphepete, mpaka njinga idutse. Anyamata ankaimba likhweru, koma mtsikana woimba likhweru ankamunena mudzi wonse. Mayi anachonderera mpaka bambo anavomera kundiyesa. Anati Loweruka iwo adzatsogola wapansi, ine ndidzanyamuke dzuwa likakwera pang'ono, tikakumane pa msewu wa timiyala, pamtengo wa mango pamene ankakonzerapo njinga. Ndikafika bwino, andilembetsa sukulu. Ndikalephera, ndikhala pakhomo n'kumathandiza kupirikitsa mbalame mumpunga.

M'mawa umenewo mayi anandimanga kapulana, chitenje cha kwathu, molimba m'chiuno, n'kuikwinyira m'mwamba kuti isakodwe mu tcheni. Mame ananyowetsa matayala, dothi lofiira linkamatirira n'kumagwa mibulumibulu. Kunkanunkha matope ndi udzu wovunda. Akakowa ankauluka patsogolo panga mmodzimmodzi. Ndinayenda mtunda ndithu osakumana ndi munthu, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina anthu onse agona.

Kenaka ndinaona dengu lalikulu likuyenda patsogolo, pansi pake pali mayi wonenepa. Anali Abiti Musa, mayi wa Chiyao amene ankagula nsomba zouma kunyanja n'kumakagulitsa ku Mandimba. Mawu ake ankamveka kutsidya kwa mtsinje akamanenerera malonda. Ndinatsegula pakamwa. Ndinanenadi kuti "njira," koma ndikukhulupirira kuti ngakhale ntchentche imene inali pa chiwongolero sinamve. Dengu linkayandikira. Ndinaona kuti kuli bwino kugwa kusiyana ndi kukuwira munthu wamkulu, ndipo ndinakhotetsa njinga dala. Phava! m'ngalande.

Madzi anali ofunda pamwamba, ozizira pansi, ndipo analekeza m'chiuno. Abiti Musa anatula dengu, anakoka njinga kaye, kenaka ine.

"Iwe ndiwe mwana wa ayani? Sunandione? Thupi lonseli?"

"Ndinakuonani, mayi."

"Nanga pakamwapo anakupatsa kuti uzidyera mango basi?"

Ndinawafotokozera monong'ona za sukulu ndi za bambo. Anaseka mpaka anagwira m'mimba, koma pamene ankaseka ankandipukuta kumaso ndi nsonga ya kapulana yawo, yonunkha utsi ndi nsomba. Atatha anasenza dengu, anaima pakatikati pa njira atandifulatira.

"Ine sindisuntha pano mpaka ndimve. Nsomba zanga n'zouma, sizivunda. Kuwa!"

Ndinayesa. Anati amva ngati mwanapiye wapondedwa. Ndinayesanso. Anafunsa ngati kuli mphaka m'bangomo. Amayi ena amene ankapalira m'munda wapafupi anaweramuka n'kuyamba kuonerera, ndipo manyazi anandiotcha makutu. Pomaliza anandipatukira, osati chifukwa chokhutira, koma dzuwa linkawathera. "Pita, mwanangu," anatero. "Ngalande sidzatopa nawe, koma iwe udzatopa nayo."

Ndinapalasa ndikulira pang'ono, matope akuuma m'miyendo n'kumandikoka khungu. Ndinkadziwa kuti bambo akangoona kapulana yonyowayo, nkhani yatha. Komabe sindinabwerere, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina kubwerera kunkafuna kudutsanso pa Abiti Musa.

Chakumapeto kwa dambo kunali ulalo wa mitengo wokwera pang'ono, ndipo ukatsika pamenepo njinga inkathamanga yokha. Ndinatsika. Bango litangotha, ndinaona munthu patsogolo, malaya oyera a kutchalitchi, wayilesi ili paphewa atainamizira kukhutu. Anali bambo. Anali atachedwa kucheza ndi anzawo m'minda, ndipo ankayenda pang'onopang'ono pakati penipeni pa njira, akumvera nyimbo. Mabuleki ndinalibe. Phazi silikanafika pa tayala kuti ndiimitse njinga. Kumanzere ngalande, kumanja ngalande, ndipo kukoma kwa matope ndinali nditakudziwa kale.

"Njiraaa! Bambo inu, njiraaa!"

Sindinadziwe kuti mawu otero ankakhala mwa ine. Mbalame zinabalalika mumpunga. Bambo sanacheuke n'komwe. Anadumpha monga amadumphira munthu aliyense wa kudambo, koma anadumpha mopitirira, n'kutera m'ngalande mpaka m'mawondo, dzanja lili m'mwamba kupulumutsa wayilesi. Ndinawadutsa ngati mphepo, njinga n'kukaima yokha pa timiyala ta msewu waukulu.

Ndinaima pamenepo kuwadikira. Kwathu mwana sakuwira bambo ake, ndipo ine ndinali nditawagwetsera m'madzi ndi malaya a kutchalitchi. Bambo anatuluka m'ngalande, anakhuthula madzi m'nsapato, anabwera osafulumira. Anayang'ana kapulana yanga, anayang'ana buluku lawo. Wayilesi inali ikuimbabe. Kenaka anangogwira njinga n'kuikankhira pansi pa mango paja.

"Titsitsireni chishalochi," anauza wokonza njinga. "Mwanayu azikhala pansi bwinobwino, ulendo wake ngwautali. Muikenso mabuleki."

"Nanga belu, bambo? Ndili nalo labwino."

Bambo anatokosa khutu ndi chala. "Belu ayi. Limene ali naloli likwana."

Ndinapalasa njira imeneyo zaka zonse za sukulu ija, m'matope ndi m'fumbi. Manyazi sanathe, mpaka lero ndimayankhula motsitsa, koma ndinaphunzira kuti pali malo ena pamene kukhala chete kumavulaza.

Masiku ano ndimakhala ku Cuamba. Msewu waukulu wopita ku Mandimba anauthira phula, ndipo pa njinga yamoto munthu amafika dzuwa lisanafike pamutu. Koma ndikapita kwathu ndimabwereka njinga n'kulowa kudambo, chifukwa njira za m'mbali mwa ngalande zikadali zomwe zija, zofiira ndi zopapatiza. Bambo anakalamba, sapitanso kuminda. Ulendo wathawu ndinkakankha njinga m'mawa pafupi ndi ulalo, ndipo kumbuyo kwanga kunamveka phokoso. Anali atsikana a sukulu, mndandanda wautali, zikwama kumsana, ena atakwezana awiriawiri. Njinga zawo zinali ndi mabelu owala, koma wotsogolera, kamtsikana kochepa thupi, sanaligwire n'komwe lake. Anandikuwira ndi mawu onse kuti ndipatuke. Ndinaima chammbali, zala zitagwira m'mphepete, mpaka onse anadutsa.