Kabokosi kovala jekete la malemu

Achemwali anga, amene m'dera lonse amadziwika kuti a Nasingano, anayamba kusoka ine ndisanamere mano. Ndimakonda kunena kuti anabadwa tepi ili m'khosi, ndipo mzamba anayezedwa m'chiuno mwana asanalire n'komwe. M'nyumba mwawo mulibe chinthu chokhala chosavala. Wailesi ili ndi malaya ake, ketulo ili ndi chipewa, firiji ili ndi mpango wa mphonje. Ukakhala pampando nthawi yaitali osagwedezeka, udzadzidzimuka atakusokera chophimba.

Alamu anga, amuna awo, anali dalaivala wa basi, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Anadwala, anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanabwereko. Anthu atabalalika pamaliro, achemwali anabwerera kumakina awo osokera, pafupi ndi zenera la pabalaza. Sanalankhule zambiri. Ankangopalasa makina, gudugudu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lina anaterereka m'khonde nagwa, ndipo anakhala pansi pomwepo mpaka mayi woyandikana nawo atabwera ndi siketi yoti aibweze m'chiuno. Nkhani itamufika mwana wawo, namwino amene amagwira ntchito kutali, anabwera maso ali gwa. Ine ndimamutchula Adokotala, chifukwa ngakhale ukamupatsa moni amakuyang'ana lilime.

Anaika makamera pageti, m'khonde ndi pabalaza. Onse ankatumiza zithunzi kufoni yake kudzera pakabokosi ka intaneti kamene anakaika pashelefu, pamwamba pa makina osokera. Kenako ananena mawu olemera.

"Amayi, ndikamakuonani pafoni, mukhala m'nyumba muno. Ndikasiya kukuonani, ndibwera kudzakutengani. Sindikufuna kumva kwa anthu kuti mwagwanso."

Achemwali anangoyang'ana mpando wa alamu. M'nyumba imeneyo anaikamo moyo wawo wonse. Kumene amakhala Adokotala ndi chipinda chapamwamba, chopanda khonde, chopanda malo oika makina.

Kwa kanthawi zinayenda. Kenako chithunzi chinayamba kuthawa. M'mawa Adokotala ankawaona amayi awo akusesa, akumwa tiyi. Dzuwa likangokwera, foni inkangozunguza kamkombero, kenako n'kunena kuti kamera sikupezeka. Foni yanga ndiyo inkalira.

"Amalume, mwapitako?"

"Mwana iwe, ndapitako kambirimbiri moti msewu wakumbika. A maminibasi akundidandaula."

"Musaseke, amalume. Ine ntchito sindikugwira bwino kuno."

Sindinasekenso. Mawu ake anali a munthu amene wangopukuta misozi.

Tinaitana mmisiri amene anaika makamerawo, munthu wodekha wa chikwama cha mawaya. Anakwera pamakwerero, anagwedeza waya aliyense, anaona ngati intaneti yatha, anasintha pasiwedi, anauza Adokotala kuti afufute pulogalamu pafoni n'kuiikanso. Anazimitsa kabokosi, n'kukayatsanso. Zonse zinawala. Adokotala anawaona amayi awo bwinobwino mpaka mitsempha ya m'manja. Mmisiri anamwa madzi, napita. M'mawa mwake dzuwa litakwera, chithunzi zii.

Anabweranso, anasintha chingwe cha magetsi. Anabweranso kachitatu, anasintha kabokosi kenikeniko. Nthawi zonse iye akakhalapo matenda ankabisala, ngati dzino limene limasiya kuwawa ukafika pakhomo la chipatala. Pomaliza anakanda mutu.

"Bambo, ine ndaona zambiri, koma izi zandikanika. Chilipo chimene chimachitika ine ndikachoka."

Madzulo a tsiku limenelo Adokotala anandiuza kuti apempha tchuthi, ndipo galimoto yonyamula katundu ayipeza kale. Achemwali atamva sanatsutse. Anayamba kupinda nsalu za makasitomala n'kumazibweza kwa eni ake zosasoka. Ine ndawadziwa moyo wanga wonse, sindinawaonepo akubweza nsalu.

Ndiye ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa ndinapita osawauza, osatenga mmisiri. Ndinawapeza atakhala kumakina, manja ali pamiyendo. Ndinayang'ana pashelefu, kabokosi sindinakaone. Pamalo pake panali kanthu kofutukuka ka nsalu yokhuthala yotuwa, kosokedwa mwaluso, kokhala ndi mabatani ake ndi kansalu kofewa m'kati. Nsaluyo ndinaizindikira. Linali jekete la alamu, limene ankavala pa maulendo a m'mamawa.

Dzuwa la pazenera linali litaligunda. Ndinamasula mabatani n'kugwira kabokosi. Abale, ndinatsala pang'ono kusiya khungu la chikhatho pomwepo. Mukanaswerapo dzira, likanapsa musanapeze mchere. Timabowo take tonse topumira tinali titatsekedwa.

"Achemwali, kanthu aka mumakaveka tsiku lililonse?"

"Nanga kakhale kosavala?"

"Nanga mmisiri akabwera?"

"Ndimakavula, n'kukapukuta fumbi. Wodwala amapita kwa dokotala atavala jekete, iwe?"

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo inandiletsa. Anali akuyang'ana timagetsi tobiriwira ta kabokosiko, tikuphethira.

"Tatiyang'ana," anatero motsitsa mawu. "Kuchipatala kuja, kumutu kwa bedi la alamu ako kunali makina a timagetsi ngati timeneti. Ndinakhala ndikutiyang'ana mpaka tsiku limene anabwera kudzatizimitsa. Ndiye mwana wanditengera tomweto n'kundiikira pamwamba pa mutu. Ndikati ndisoke, tikundiphethirira. Ulusi sulowa pasingano."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Kuti mayi ake akuopa kabokosi? Si ndiye abwera msanga ndi galimoto?"

Panja wogulitsa makala anadutsa akuitanira.

Ndinaimbira mmisiri n'kumufotokozera. Anapuma mozama, kenako anati kabokosi kamafuna mpweya ngati munthu: kakatenthedwa kamakomoka, ndipo makamera amasowa njira yotumizira zithunzi. Timagetsito, anati, titha kuphimbidwa, bola timabowo tikhale poyera, ndipo kachoke padzuwa.

Achemwali anamva zonse. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyeza kutsogolo kwa kabokosi, milomo ikuyenda. Anatenga jekete laling'ono lija, analembapo ndi choko, nagwira sizasi. Dzanja linaima pang'ono. Kenako anadula. Panatsala kalamba kopyapyala kokhala ndi batani limodzi. Anakapinda m'mphepete, anakapalasa pamakina, nakamanga pakabokosi kuti kaphimbe timagetsi tokha. Ine ndinasunthira shelefu kumthunzi, ntchito imene ndimauza anthu kuti inandithyola msana pawiri.

Masana anafika, dzuwa linaswa mtengo, linapendeka. Foni yanga inali duu. Inalira madzulo.

"Amalume, ndikuwaona. Tsiku lonse ndakhala ndikuwaona. Mwachita chiyani?"

"Ndachita opaleshoni yaikulu, Adokotala. Wodwala tamuvula jekete."

Ndinatuluka panja n'kumuuza zonse, ndi za timagetsi zomwe.

"Ine makina amenewo ndimawaona tsiku lililonse," anatero Adokotala. "Sindinaganizeko. Apatseni foni amayi."

Zimene anakambirana sindinazimve, chifukwa ndinapita kukayang'ana geti limene silinkafuna kuyang'anidwa. Nditabwerera ndinapeza achemwali akupukuta m'maso ndi kachigamba kotuwa kotsala paja.

Galimoto ya katundu sinabwere. Adokotala anabwera okha ndi kachikwama kakang'ono, anakhala masiku a tchuthi chawo akuthandiza kutunga ulusi pasingano, nabwerera. Lamulo lawo sanalichotse, ndipo achemwali akulidziwa. M'mawa uliwonse, asanakhale kumakina, amaika chikhatho pakabokosi ngati akumva thupi la mwana, amakonza kalamba kaja, kenako amayang'ana kamera ya pabalaza n'kukweza dzanja.

Nsalu zimene anabweza zija, ndine ndinayenda khomo ndi khomo kukazitenganso.