Ndinanjuta pa Bwalo la Mpira

Timu yathu ya mpira ku Kamwendo inali itapambana magemu angapo motsatizana, koma bonasi imene akomiti anatilonjeza sitinaione. Tinakumana kuseri kwa golo n'kumanga chimodzi: popanda ndalama, Loweruka palibe wovala yunifomu. Ine monga kaputeni ndinalumbira mokweza kuposa onse, mpaka kumenya chibakera pamtengo wa golo.

Vuto linali lakuti tcheyamani wa komitiyo, a Phiri, ndi apongozi anga. Ndimakhala chikamwini, ndipo munda umene ndimalima ndi wa kwawo kwa mkazi wanga.

Loweruka a Phiri anafika pa njinga yamoto yatsopano, imene tonse tinkadziwa kumene ndalama yake inachokera. Anyamata anakhala pansi atavala zakunyumba, n'kundikankhira kutsogolo. Mawu onse ndinali nawo pakamwa, koma miyendo inachita zake. Ndinangopezeka ndanjuta, chipewa m'manja, maso pansi.

"Akamwini, pali vuto?" anafunsa.

"Ayi bambo, timangofuna kumva ngati mwadzuka bwino."

Kenako Yohane, goloboyi wathu, analavula malovu pafupi ndi phazi langa n'kuvala magolovesi. Tinasewera ulere, n'kupambananso, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa kwambiri.

Nditafika kunyumba, mkazi wanga anandiuza mosangalala kuti bambo ake andiyamikira kuti ndine mwana waulemu. Ndinaponya jombo pakhoma mpaka dothi linagumuka. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti amene anaumirira kuti ukaputeni apatse ine, pamene panali anyamata ondiposa mpira, anali a Phiri omwewo.