Ndinawotchera Asewere Anga Nyama pa Waya wa Nkhumba

Inu owerenga, ine ndine bambo wa imvi kumutu, koma ndinanena bodza pamaso pa alendo olemekezeka chifukwa cha chitsulo chowotchera nyama. Ndikulemba izi mtima ukuwira. Ndinakwiyira munthu amene anandigulitsa chitsulocho, ndipo sindinamukhululukire, koma amene ndimamukwiyira kwambiri ndi ine mwiniwakene.

Ndimakhala ku Zengeza 1 kuno ku Chitungwiza, m'dziko la Zimbabwe, m'nyumba imene anandisiyira malemu bambo anga, omwe anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito kuno. Ife ndife Akhristu. Mwana wanga wamkazi, Tamanda, anapeza mwamuna wachisilamu, dzina lake Yusufu, wa ku Nyatsime, amene agogo ake anachokera ku Mangochi. Titagwirizana kuti akwawo abwere kudzaonekera Loweruka lina masana, ndinafuna kuti aone kuti mwanayo sakuchokera pakhomo wamba. Ndinati ndidzawawotchera nyama pabwalo ngati mmene amachitira anthu a kumayadi.

Mkazi wanga anandilangiza kuti ndigule zitsulo zatsopano, ndipite nazo kwa owotcherera, andipangire chaching'ono ine ndili pomwepo. Anati alendo akubwerawa ali ndi malamulo awo pa chakudya, tisachite zinthu mwachisawawa. Ndinamuyankha kuti za moto ndi nyama azisiyire amuna. Mawu amenewa amandinyansa ndikawakumbukira.

Ndinapita kwa bambo wina wowotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu wa makombi, maminibasi a kuno. Pamenepo ndinachiona chinthucho. Chinali cha mgolo wodula pakati, chokhala ndi chivundikiro, kachumuni ndi matayala awiri, ndipo chogwirira chake chinali sipanala yaikulu yowotcherera pachivundikiropo. Penti yake inali yakuda bii, yonyezimira. Mwiniwake anati ukachivundikira chimawamba nyama ndi utsi mpaka kufewa. Ndinamuuza momveka bwino kuti alendo anga ndi Asilamu, ndikufuna chinthu choti sichinakhudzepo nyama iliyonse. Analumbira kutchula mayi ake kuti wachimaliza sabata yomweyo. Sindinatembenuze waya, sindinasuzumire pansi. Ndinkangoganiza za mmene anthu adzachiyang'anire pakhomo panga.

Lachisanu ndikuchipukuta, ndinatembenuza waya woikapo nyama uja. M'makona mwake munali zinthu zokakamira. Nditapala ndi mpeni, penti inachoka, ndipo pansi pake panali mafuta akale ouma. Ndinanunkhiza. Inu owerenga, sindikunamizani ngati mmene ndinanamizira ena. Ndinadziwa pomwepo kuti chinthucho chagwirapo ntchito nthawi yaitali. Kuti chinkawotcha nyama yanji sindinadziwe, komanso sindinafune kudziwa. Nthawi yokagula waya watsopano inalipo. Chimene chinandiletsa n'choti mkazi wanga akanafunsa chifukwa chake, ndipo ine sindinafune kumva akunena kuti anandiuza. Ndinakwecha wayayo ndi mchenga, osauza aliyense.

Loweruka alendo anafika asanu ndi mmodzi, motsogozedwa ndi amalume ake a Yusufu, Che Saidi, munthu wamkulu wofatsa, yemwe anali nkhoswe. Nyama ya mbuzi ndi nkhuku tinali titagula kubutchala ya Asilamu. Mkazi wanga anachita kugula mapoto atsopano ndi mbale zomwe. Zokambirana zinayenda bwino. Tinaseka, tinafunsana za midzi ya makolo athu imene ambirife sitinaipondepo. Nditayatsa makala, Che Saidi anabwera kudzaima pafupi nane, n'kuchiyamikira chitsulocho. Kenaka anatsitsa mawu kuti ena asamve.

"Pepani bambo, musandione ngati wamwano. Kodi chimenechi sichinawotchepo zina? Ngati chinatero palibe mlandu, ife tidya za mumpoto."

Taonani mmene munthuyo anandipatsira mpata. Ine ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Chatsopano ichi, Che Saidi. Moto wake woyamba ndi uno."

Anadya, n'kuyamikira. Mayi ake a Yusufu anapempha nthiti ina. Tili mkati mosamba m'manja, a Chari, Mshona woyandikana naye nyumba, anasuzumira pampanda atamva fungo. Anapereka moni mwansangala, ndipo maso awo atagwera pa sipanala ija anaseka.

"Mudhara, ndimi makaitenga? Iyi yakagocha nguruve dzakawanda!"

Ankatanthauza kuti chitsulocho chawotcha nkhumba zambiri. Anapitiriza kufotokoza kuti chinali cha pabala ina imene inatsekedwa, pomwe ankagulitsa nyama ya nkhumba yokhayokha, ndipo iwo anachizindikirira sipanalayo. Tonse pabwalopo Chishona timachimva bwino. Mayi ake a Yusufu anathamangira kuseri kwa nyumba atagwira pakamwa. Yusufu anazyolika. Mkazi wanga anandiyang'ana, ndipo nkhope yanga inamuuza zonse.

Ndikanatha kunena kuti nanenso ndapusitsidwa. Ndinayamba kutero, koma Che Saidi anandifunsa ngati panalibe chilichonse chimene ndinaona. Ndinalephera kunama kachiwiri. Ndinaulula za mafuta aja.

"Chimene munthu wadya mosadziwa, Mulungu samuimba nacho mlandu," anatero. "Nkhumbayo siinandipweteke ayi. Koma ine ndinakufunsani."

Anatsanzika mwaulemu, osakweza mawu, n'kutuluka onse. Tamanda amamva Chichewa koma akakwiya amayankhula Chishona. Anangoti, "Baba, mandinyadzisa," kutanthauza kuti ndamuchititsa manyazi, n'kukadzitsekera kuchipinda.

Tsiku lomwelo ndinakalipira a Chari, munthu wosalakwa, mpaka anthu okhala m'nyumba zoyandikana anatuluka kudzaonerera. Lolemba ndinachikankha chitsulocho pamsewu mpaka kwa wowotcherera uja. Mukudziwa zimene anandiyankha? Anaseka, n'kunena kuti moto umayeretsa zonse, ndipo nyama ndi nyama basi. Munthu amene ndinamufotokozera bwinobwino za alendo anga, amene analumbira kutchula mayi ake omubala! Ndinamugwira pakolala, ndipo pakanapanda anzake kutilanditsa, bwenzi nkhani ino ndikulembera kundende. Chitsulocho ndinachisiya pomwepo. Patapita masiku ochepa ndinachionanso ndili mu kombi, atachipakanso penti, chikudikira chitsiru china.

Akwawo kwa Yusufu anakhala chete miyezi itatu. Achibale ena ankamuuza kuti banja lonama pa chakudya linganamenso pa zazikulu. Mwana wanga anaonda ndikumuona. Mkazi wanga ndi amene anakwera kombi kupita ku Nyatsime kukagwada, kupepesa mlandu umene sanapalamule. Kenaka ndinapita ndekha. Che Saidi anandilandira, nati nkhani yatha. Ukwati unachitika, koma chakudya chonse chinaphikidwa kwawo, ndipo ine sanandilole ngakhale kugula nkhuku.

Tsono inu amene mukufuna chowotchera nyama pakhomo panu, ndimvereni. Musakopeke ndi penti. Chinthu chatsopano sachipaka penti pa waya woikapo nyama, ndipo mukaona atatero dziwani kuti pali chimene akubisa. Tembenuzani wayayo, palani ndi mpeni m'makona, nunkhizani. Funsani kuti mgolowo munali chiyani, chifukwa ina imakhala ya mankhwala oopsa. Ngati mungathe, akupangireni inu mukuona, ngakhale chikhale chaching'ono chosaoneka bwino. Ndipo mukachipeza ndi vuto alendo ali m'njira, nenani. Manyazi ovomera pamaso pa mkazi wanu amatha tsiku lomwelo.

Lero ndili ndi mdzukulu, wayamba kuyenda. Yusufu amandilemekeza, amandipatsa moni atagwira pachifuwa. Koma akabwera kudzacheza, Tamanda amatulutsa m'chikwama kakontena ka chakudya cha mwamuna wake ndi mwanayo. Sabata yatha mdzukulu wangayo anatambasula kadzanja kufuna nyama ya m'mbale mwanga. Ndinanyema kachidutswa, nyama ya ng'ombe yabwinobwino. Ndisanam'patse, mwana wanga womubala ndekha anandigwira dzanja, n'kuyang'ana kwa mayi ake kuti iwo ndiwo anene kumene yagulidwa.