Mtayo salira, choncho tabuleti inati ali bwino

Ntchito yanga pa kafukufuku uja inali yofunsa mafunso basi. Akuluakulu ake anali madokotala a kuno ndi anzawo a kunja, ndipo ankakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Mitu inalipodi yambiri, koma dengalo sindinalione.

Ofesi inali ku Woodlands, nyumba ya mpanda wautali. Ankafuna kudziwa za amayi amene mtima umawalemera akangobereka. Anatipatsa tabuleti aliyense ndi lamulo limodzi: werengani funso mmene lalembedwera, osawonjezera, osafotokoza. Tabuletiyo inkawonkhetsa yokha mayankho. Ikaonetsa zofiira, mayi ankatumizidwa kwa mlangizi wathu kuti akalankhule naye paokha. Ikaonetsa zobiriwira, unkathokoza n'kunyamuka.

Mayi wina wa ku Chelstone ndinamulemba ndine ku kiliniki ali ndi pakati. Anali wamng'ono, mimba yake yoyamba, woseka ndi aliyense. Nthawi yomuyendera itakwana ndinakwera minibasi kupita kwawo. Pachingwe panalibe thewera ngakhale limodzi. Amene anandilandira ndi apongozi ake, n'kundinong'oneza kuti mwana anabadwa wakufa kale.

Makolo anga ndi a kum'mawa kwa dziko lino monga banja limenelo, choncho sindinafunse zambiri. Mwana wotere timati mtayo, ndipo mtayo salira. Amakamuika amayi achikulire okhaokha, popanda maliro, ndipo mayi wake amamulangiza kuti akagwetsa msozi sadzaberekanso.

Apongozi aja anakhala nafe pamphasa. Pepala lathu la malangizo linkati tizifunsa mayi ali yekha, koma amene analemba zimenezo sanayesepo kuthamangitsa munthu wamkulu m'nyumba ya mwana wake. Ndinayamba kuwerenga.

"Kodi masiku apitawa mwakhala mukulira?"

Mayi uja anayang'ana apongozi ake. "Iyayi."

"Mukugona bwino?"

"Nigona bwino."

Funso lililonse, yankho lake lokoma. Maso ali gwa pakhoma, manja akupotokola nsonga ya chitenje. Ndinadina lomaliza, tabuleti n'kuwala zobiriwira.

Mayi uja anandiperekeza yekha mpaka pageti. Pamenepo ndi pomwe anayankhula.

"Ba sisita, ku kiliniki munakamba kuti kuli munthu amene amamvela anthu chitseko chili chotseka. Nifuna kumuona. Mwana wanga sininamuone ngakhale nkhope."

Ndinamulonjeza kuti ndikanena.

Lachisanu lililonse tinkakhala ndi msonkhano, ife pamipando, a kunja aja pa kanema wa pakhoma. Ndinafotokoza zonse, ndi za mwambo zomwe. Dokotala wa kunja anavula magalasi, nkhope kuwala ngati watola kanthu panjira. Anati nkhaniyi ndi yochititsa chidwi kwambiri, ingathe kutuluka pepala la kafukufuku lakelake. Anandipempha ndimutchulire mawu oti mtayo pang'onopang'ono kuti alembe bwino. Za mayiyo sanafunse.

Amene anandinyansa kwenikweni ndi bwana wathu wa kuno. Mayi awo ndi a kwathu komwe, mwambowu anayamwira. Koma pamaso pa anzawo aja anakhala ngati akuumva koyamba, mpaka kugwedeza mutu modabwa. Kenako anandiuza mwaulemu wonse kuti zimene munthu wanena pageti si mayankho a kafukufuku. Mlangizi ndi wa amene aonetsa zofiira, tikayamba kutumiza aliyense zotsatira zisokonekera. Mlembi wathu anakumbutsanso kuti gawo lotsatira ndi la amayi amene ana awo ali moyo, ndiye mayiyu ayenera kuchotsedwa. Onse anavomereza, n'kupita pa nkhani ya malo ochitira msonkhano waukulu ku Kabulonga. Anakangana nthawi yaitali ndithu posankha malowo.

Ndisadziyeretse. Chala chodina chinali changa. Ndikanatha kudina kuti akulira, palibe akanadziwa. Mlangiziyo ndinkamwa naye tiyi tsiku lililonse, ndikanatha kumukokera pambali. Ndinaopa kuchotsedwa ntchito, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi.

Anandipatsa kapepala ka mawu oti ndikamuwerengere pafoni. Ndinaimba Lolemba m'mawa, nditaima kuseri kwa ofesi. Foni sinaitane kawiri.

"Ba sisita, nibwele liti? Nawauza apongozi kuti nizapita ku kiliniki, sazaziba."

Ndinawerenga mmene zinalembedwera, osawonjezera: kuti tikumuthokoza chifukwa chotenga nawo mbali, kuti mayankho ake athandiza amayi ambiri m'tsogolo muno, ndi kuti sitidzamuyenderanso.

Pafonipo ndinkamva madzi a pampopi akuthira mu ndowa.

"Zikomo ba sisita," anatero. "Pepani nakuvutitsani."