Thabwa Lomaliza la a Manjakuda

Anthu a pamzere wa nyumba za lendi zija ankawatcha a Manjakuda, chifukwa inki inawalowerera m'zikhadabo moti ngakhale sopo anachita kugonja. Anakalambira ku kampani yosindikiza makalendala, ndipo atapuma ntchito manja awo anakana kupuma. M'chipinda chawo cha kumapeto ankapanga timabuku pamanja. Ankagoba chithunzi pathabwa ndi katchizulo, n'kupakapo inki, n'kuyalapo pepala, kenako n'kumalisisita ndi msana wa supuni mpaka chithunzi chidinde. Mapepalawo ankawayanika pachingwe ngati matewera, akauma n'kuwasoka ndi singano. Buku lililonse ankapanga makope ochepa chabe. Akangotha, matabwa aja ankawapala kuti chithunzi chisadzabwerenso. Ankati wotenga buku lawo adziwe kuti lili kwa iye ndi anzake owerengeka basi.

Pakhomo loyandikana ndi lawo pankakhala mayi wachitsikana ndi kamwana kake kakakazi. Adokotala anali atamuuza mosabisa kuti kuwala kukutha pang'onopang'ono m'maso mwa mwanayo, ndipo sikudzabwerera. Kuyambira pamenepo mayiyo sankachotsa diso pa iye. Ankaona akaphonya chigwiriro cha kapu. Ankaona akagunda mpando umene wakhala pomwepo chibadwire chake.

Mwanayo ankakonda kukhala pakhomo pa a Manjakuda. Iwo ankamuseka kuti ndi mkazi wawo, iye n'kumawayankha kuti amuna anga. Ankamulola kutsegula buku la mbalame imene inamanga chisa m'chipewa, koma lamulo linali limodzi: manja kaye, ndi sopo. Akatero ankaliyandikiza mpaka pamphuno, n'kumafunafuna mlomo wa mbalameyo.

M'mawa wina mayi uja akuchapa anamva phokoso la kupala thabwa. Dzulo lake anali ataona mphunzitsi wina akutuluka ndi buku lomaliza la mbalame. Anathamanga thovu lili m'manja. Anapeza utuchi uli mbwee pansi, matabwa ena atayera kale. Patebulo panatsala limodzi, la mbalame ili m'chipewa.

"Agogo, taimani kaye!" anatero akupuma wefuwefu. "Mudindeko limodzi lokha. Pepala limodzi basi, kuti aziliona maso asanatsekeretu."

A Manjakuda anaika chopalira pansi.

"Mwana wanga, anthu aja ndinawauza kuti atha, sadzapezekanso. Ndikadinda lina, ndiye kuti ndasanduka wabodza ndi imvi zanga zomwe."

"Anthuwo maso awo ali nawo, agogo."

Ananena motsitsa, koma mawuwo anatuluka akuthwa kuposa mmene ankafunira. Agogowo sanakwiye. Anangoyang'ana zikhadabo zawo kwa nthawi.

"Nanga pepala lidzamuthandiza chiyani chaka chamawa?" anafunsa.

Mawu amenewo mayiyo ankawaopa ngakhale kuwaganiza.

Pomwepo mwana uja analowa, dzanja lina likutsata khoma.

"Amuna anga, mbalame yanga ili kuti?"

"Akazi anga, mwadzuka mochedwa. Banja lotere litha ili."

A Manjakuda anatenga kansanza, n'kupukuta inki yotsala pathabwa lija mosafulumira, mzere ndi mzere. Kenako anamukhazika mwanayo pampando n'kumusanjikira thabwalo pamiyendo.

"Sindinasambe m'manja," mwanayo anaulula.

"Ili si pepala. Gwirani mmene mungathere."

Anamugwira kachala n'kukaika pamene panayambira mphepete mwa chipewa, n'kumusiya. Kachala kanayenda kokha, kanakwera, kanagwera m'kangalande, kanatulukira pa nthenga zogobedwa imodziimodzi. Kanafika pamlomo, n'kuima.

"Yatembenuka! M'buku imayang'ana uko."

"Pathabwa zonse zimakhala motembenuka. Imeneyi ikuyang'ana kwanu, ndiye mupite nayo." Kenako anacheukira mayi uja. "Koma imvani, mayi. Inki isadzakhudzenso pamenepa, ngakhale ine nditapita. Mukatero, ndiye kuti sindinanamize munthu."

"Ndamva, agogo."

"Aka n'koyamba thabwa kutuluka m'chipinda chino lisanapalidwe," anadandaula, akusesa utuchi ndi phazi. "Akazi amenewa andiwonongera khalidwe."

Mayiyo anaima pakhomo, thovu litamuumira m'manja, n'kumayang'ana mwana wake monga mwa masiku onse. Mantha sanachoke. Koma anaona chinthu chimene a Manjakuda sanachione: mwanayo sanayandikize thabwa pamphuno. Nkhope inali italoza kukhoma, maso ali phee, pamene kachala kanachoka pamlomo wa mbalame, kanatsikira m'chisa osasochera, n'kupeza mazira.